Mwana wasiya kulankhula chibwerereni ku Joni: kodi ndimubweze kumudzi?

Funso

Ndine mayi wa ku Mulanje. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, ndimachita lendi chipinda ku Rosettenville. Mwana wanga wamkazi wa zaka 14 anakulira m'manja mwa agogo ake, mayi anga, kuyambira ali ndi zaka zinayi. Chaka chatha ndinamuitanitsa kuti adzaphunzire kuno. Poyamba ankaoneka wosangalala, koma chiyambireni nyengo yozizira wasintha. Salankhula, sakudya bwino, masana amagona, usiku ali pafoni. Kusukulu akumajomba, ati mutu, ati m'mimba. Ndikamufunsa amandiyankha mwaukali. Sabata yatha ndinaona zipsera zodzicheka pamkono, ndipo tsiku lina titakangana ananena kuti "bola ndikanangofa". Ndinamumenya mbama, kenako ndinakalira ndekha. Anzanga a kutchalitchi ena akuti walodzedwa, ena akuti ndi mwano wa ana a ku Joni, ndimubweze kumudzi. Mapepala ake sanalongosoke, ndiye kuchipatala ndimaopa. Ndichite chiyani?

Yankho

Mayi, za kumudzi tifikako, koma m'kalata yanu muli zinthu ziwiri zimene ife a ntchito ya uphungu sitilola kuti zigone: zipsera za pamkono, ndi mawu oti "bola ndikanangofa". N'kutheka kuti anali mawu a mkwiyo wa nthawi yomweyo. N'kuthekanso kuti ndi maganizo amene wakhala akugona nawo kwa miyezi. Pongomuyang'ana palibe angasiyanitse, ndiye mumufunse.

Lero lomwe, kapena mawa ngati mwafika usiku muli wofooka, khalani naye pansi muli awiriwiri, foni zili kutali. Nenani mwachidule: "Mwanawe, mawu unanena tsiku lija sakundichoka. Kodi umaganiza zodzipha?" Mutchule mawuwo momwe alili, osazungulira ndi zoti "usadzachite zopusa". Ndikudziwa kuti kwathu imfa yotereyi sitiitchula, timaopa kuti kuitchula n'kuiitana. Koma ofufuza aziona mobwerezabwereza: kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa mwana. Amene analibe maganizowo amangoti ayi. Amene ali nawo nthawi zambiri amapepukidwa, chifukwa wina wake walimba mtima kumva zimene iye amaopa kunena.

Akavomera, musakuwe ndipo musamulumbiritse. Funsani modekha ngati anaganizapo za mmene angachitire, za tsiku, komanso ngati anayeserapo kale. Ngati pali chimodzi mwa zimenezi chimene wavomera, musamusiye yekha ngakhale ola limodzi. Pitani naye kuchipatala kumene amalandirira odwala mwadzidzidzi; kwa inu a ku Rosettenville, South Rand Hospital ili pafupi. Ngati wamwa kale china chake, imbani 112 pafoni ya m'manja kapena 10177 ya ambulansi, ndipo musamukakamize kusanza kapena kumwa mkaka. Ndime 27 ya malamulo aakulu a dziko lino la South Africa imati palibe munthu angakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Imati munthu, sinatchule nzika. Kwa abwana anu ingonenani kuti mwana wadwala, chifukwa n'zoona.

Manambala awiri awa muwasunge m'foni yanu ndi yake. Childline ndi 116, yaulere, usana ndi usiku, ndipo mwana akhoza kuimba yekha. SADAG, bungwe lothandiza anthu ovutika maganizo limene linayamba mu 1994, ili ndi nambala yaulere ya anthu amene akuganiza zodzipha, 0800 567 567. Inunso monga kholo mukhoza kuimba n'kufunsa zochita. Amayankha m'Chingerezi ndi m'zilankhulo zakuno, koma Chingerezi chimene mumalankhula kuntchito n'chokwanira.

Kaya wavomera kaya wakana, muyeretse m'chipindamo. Mapiritsi onse, ngakhale a mutu, akhale m'chikwama chanu kapena potsekedwa. Malezala muchotse. Koposa zonse, mankhwala a makoswe ndi a mphemvu aja amagulitsidwa m'timapepala pamsewu asapezeke m'nyumba mwanu. Ambiri a ife timakhala nawo chifukwa cha mmene nyumba za lendi zilili, koma ndi oopsa kwambiri. Mukukumbukira ana asanu ndi mmodzi amene anamwalira ku Naledi, ku Soweto, mu Okutobala 2024, chifukwa cha mankhwala ophera tizilombo. Chifukwa chake chochotsera n'chakuti kwa achinyamata ambiri mphindi yoipitsitsa imabwera mwadzidzidzi ndipo imadutsa. Ikamadutsa pasakhale choopsa pafupi.

Tsopano tione chimene chamufikitsa apa. Inu mukawerengera, mukuona zimene mwamupatsa: ndalama ya basi, yunifolomu, nsapato, magetsi, sukulu ya m'tauni, zonse zochokera m'thukuta lanu. Iye akawerengera akuona zimene wataya. Munthu amene anamusambitsa, kumudyetsa ndi kugona naye mphasa imodzi kwa zaka pafupifupi khumi ndi agogo ake. Kwa mwana ameneyu kusiyana ndi agogo kuli ngati maliro, koma maliro opanda womupepesa, chifukwa aliyense akumuuza kuti wachita mwayi. Inu amakukondani, komabe kwa zaka zonsezo munali mawu a pafoni ndi katundu wofika pabasi ya mu Disembala. Sindikunena izi kuti ndikuimbeni mlandu. Munachoka kuti iye adye, ndipo ndi mmene mabanja athu ambiri akhalira kuyambira nthawi ya agogo athu opita kumigodi. Ndikungonena kuti inu awiri mukuphunzirana kumene, m'chipinda chimodzi, wina atatopa ndi ntchito, wina akutha msinkhu.

Ku Mulanje ankatuluka m'mawa, kupita kumjigo, kusewera fulaye, kulowa nyumba iliyonse ya m'mudzi ngati yakwawo. Kuno mumachoka kusanache kukakwera tekisi, n'kumuuza kuti akaweruka adzitsekere, asatsegulire munthu, asayendeyende. Mukunena zoona, Rosettenville si malo oti mtsikana aziyendayenda yekha. Koma zotsatira zake n'zakuti mwana amene anazolowera anthu amakhala maola ambiri ndi makoma anayi ndi foni.

Kusukulu nako si kophweka. Kwathu chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala, kuno mu Januwale, ndiye ana ambiri obwera amabwezedwa kalasi kapena kulowa pakati pa maphunziro. Amapeza phunziro la Afrikaans kapena isiZulu limene anzawo analiyamba ali aang'ono. Akalankhula Chingerezi anzake amaseka kamvekedwe. Pabwalo amamva dzina lonyoza lija amatitchula alendofe. Ndipo ana amamva zambiri kuposa mmene timaganizira: nkhani za zipolowe za mu Meyi 2008 zimene zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, za mu Sepitembala 2019 mkati mwa Johannesburg, za anthu otengeredwa ku Lindela, kumene amasungira alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo. Mwana amene akudziwa kuti mapepala ake sanalongosoke akaona galimoto ya apolisi mtima umagunda, ndipo usiku amadzifunsa kuti amayi akapanda kubwerako ndidzatani. Ameneyu simungamutche wamwano.

Kuti poyamba ankasangalala sizikutsutsa zimenezi. Miyezi yoyamba zonse zimakhala zachilendo, mashopu, magetsi, kukhala ndi mayi. Chisoni chimadza pambuyo, akazindikira kuti si tchuthi ayi.

Nanga ndi chisoni chabe kapena ndi matenda? Malire amene timagwiritsa ntchito ndi awa: ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku lililonse, munthu ali wokhumudwa kapena sakusangalalanso ndi zimene ankakonda, ndipo tulo, kadyedwe, mphamvu ndi maphunziro zasokonekera, timaganizira matenda ovutika maganizo. Mwana wanu wadutsa malire amenewa kalekale. Chimene chimasocheretsa makolo n'chakuti achinyamata ambiri odwala matendawa saoneka achisoni, amaoneka aukali. Amayankha mokalipa, amamenyetsa chitseko, amakwiya ndi kanthu kakang'ono. Mutu ndi m'mimba zimene akudandaula sakunama. Nkhawa imapwetekadi m'thupi, ndipo muona kuti zimakula Lamlungu madzulo ndi Lolemba m'mawa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa ana asanu ndi awiri alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, ndipo pafupifupi theka la matenda amenewa limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Choncho si zachilendo, si za azungu, ndipo si misala.

Komabe wotsimikiza ndi amene amuone maso ndi maso, chifukwa pali zina zimene zimafanana ndi matendawa kapena kubisala kumbuyo kwake. Kuchepa kwa magazi, kumene kumachitika kwambiri kwa atsikana amene ayamba kusamba, kumafooketsa ndi kupweteketsa mutu. Chamba ndi mowa zimasintha khalidwe. Ndipo pali funso lowawa limene sindingalidumphe: m'nyumba za lendi zokhala anthu ambiri, mtsikana wotsala yekha masana, kodi palibe amene anamugwira kapena kumuopseza? Kusintha kwadzidzidzi, kudzicheka ndi kukana kutuluka nthawi zina zimachokera pamenepo. Mufunse mosatchula dzina la munthu: "Pali wina amene anakuchita zimene sunafune, kuno kapena kusukulu?" Akanena kuti inde, mukhulupirireni kaye, zofufuza n'za ena. Malo otchedwa Thuthuzela Care Centre, amene ali m'zipatala zina za boma, amathandiza ogwiriridwa, ndipo mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Bungwe la Teddy Bear Foundation ntchito yake ndi ana ochitiridwa nkhanza.

Za kudzicheka, makolo ambiri amaganiza kuti ndi kufuna kuonedwa. Koma taonani, anabisa mpaka munaona mwangozi. Ana ambiri amene amadzicheka amanena kuti ululu wa m'thupi umaziziritsa kwa kanthawi ululu wa mumtima umene alibe nawo mawu. Si nthawi zonse pamene kumakhala kufuna kufa, komabe mwana wodzicheka ali pachiopsezo chachikulu kuposa anzake, n'chifukwa chake kudzichekako sitikunyozera. Musamuvule malaya kuti muzifufuza tsiku lililonse, ndipo musamulonjezetse kuti asiya, chifukwa akalephera adzangobisa kwambiri. Tsukani bala, mangani, n'kunena kuti, "Ukamva kuti zikubweranso, undiuze kapena unditumizire uthenga, sindikalipa."

Mbama ija yakhala ikukuvutitsani, ndaona. Sindikuwonjezerani katundu. Dziwani chabe kuti kuno, kuchokera pa chigamulo cha khoti lalikulu la malamulo a dziko cha mu Sepitembala 2019, kumenya mwana ngakhale pakhomo n'kosaloledwa, ndipo kusukulu kunaletsedwa kale mu 1996. Koma chachikulu kwa ine si lamulo. Mwana ananena mawu olemera kwambiri amene anali nawo, ndipo anaphunzira kuti akanena amamenyedwa. Phunziro limenelo liyenera kufufutidwa, ndipo wofufuta ndi inu. Ife sitinakule tikupepesedwa ndi makolo, ndiye pakamwa pamalemera. Nenani basi: "Ndinakumenya chifukwa ndinachita mantha. Pepa. Ndikufuna ndimve." Ulemu wanu suchepa.

Musayembekezere kuti atsegula pakamwa tsiku lomwelo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Achinyamata salankhula bwino mukawakhazika kutsogolo kwanu ngati pabwalo la milandu. Amalankhula manja ali pantchito, mukusadzula masamba, mukumuluka tsitsi, mukuyenda kuchokera kutchalitchi. Funsani za kumudzi: amasowa chiyani, amasowa ndani. Akayamba kunena, gwirani lilime. Mawu oti "ukudziwa mmene ndavutikira chifukwa cha iwe?" ndi oona, koma kwa mwana wovutika maganizo amamveka kuti iye ndi mtolo, ndipo kudziona ngati mtolo ndi limodzi mwa maganizo amene amakankhira anthu ku imfa. Mavuto a lendi ndi a kuntchito muziuza akuluakulu anzanu.

Tibwere ku mantha anu a kuchipatala. Ndime 28 ya malamulo aakulu imapatsa mwana aliyense ufulu wa chithandizo choyambirira cha zaumoyo, ndipo pakiliniki ya boma chithandizocho n'chaulere. Anamwino si a Home Affairs. Sindikubisirani kuti pamakhala mizere italiitali, kuti wina pawindo akhoza kukuyankhani mwachipongwe, kapenanso kuti magulu monga Operation Dudula akhala akuima pazipata za makiliniki ena kubweza alendo. Mu Novembala 2025 khoti lalikulu la ku Johannesburg linagamula kuti gululi lilibe mphamvu yoitanitsa mapepala a munthu kapena kutsekereza anthu kuchipatala ndi kusukulu; woitanitsa mapepala ndi wapolisi kapena ofisala woona za olowa m'dziko. Mukabwezedwa, pemphani kuonana ndi mkulu wa kilinikiyo, kapena yesani ina, ndipo mabungwe a Lawyers for Human Rights ndi SECTION27 amathandiza pa nkhani zotere. Tengani chilichonse muli nacho: pasipoti yanu, kabuku kake ka kuchipatala ka ku Malawi, lipoti la kusukulu.

Mukafika kwa namwino musayambe ndi mutu ndi m'mimba, chifukwa mudzabwerako ndi Panado. Nenani zenizeni: mwana wasintha kwa miyezi, akudzicheka, ananena zofuna kufa. Mawu amenewa ndi amene amatsegula zitseko. Namwino adzamuyeza, mwina magazi ndi mkodzo, kenako adzamutumiza kwa dokotala, kwa namwino wa za maganizo, kwa social worker (woona za chisamaliro cha anthu) kapena kwa psychologist (katswiri wa uphungu wa za maganizo). Akaona kuti pakufunika akatswiri a ana, amalemba kalata yopita kuzipatala monga Charlotte Maxeke ku Parktown, Rahima Moosa ku Coronationville kapena Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Chipatala cha matenda a maganizo cha Tara, ku Hurlingham, chili ndi wodi ya achinyamata, koma kumeneko sumangofika, umachita kutumizidwa. Kuzipatala zikuluzikulu amatha kulipiritsa, choncho funsani msanga za malipiro ndipo fotokozani zimene mumapeza pamwezi.

Akatswiri a ana m'boma ndi ochepa, ndipo tsiku limene angakupatseni likhoza kukhala patali. Musakhale chodikira. Sophiatown Community Psychological Services yakhala ikugwira ntchito ndi mabanja obwera kuchokera kumayiko ena kwa zaka zambiri. Emthonjeni Centre ya pa yunivesite ya Wits imapereka uphungu kwa anthu wamba, ochita uphunguwo ndi ophunzira oyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo. Bungwe la CSVR ku Braamfontein limathandiza anthu amene anaona nkhanza ndi zoopsa. Childline nayo ili ndi aphungu okumana ndi ana maso ndi maso. Lembetsani malo awiri, amene ayambe kuitana mupite.

Chinthu chimodzi chimadabwitsa makolo athu: mlangizi adzakupemphani kuti mutuluke, alankhule ndi mwana yekha, ndipo sadzakuuzani zonse. Lamulo la ana la 2005 limalola mwana wa zaka zoposa 12, ngati ali wozindikira mokwanira, kuvomera yekha chithandizo cha kuchipatala. Musaone ngati akukulandani mwana. Pali zinthu zimene mtsikana sanganene mayi ake ali pompo, ngakhale kwathu n'chifukwa chake kuli anankungwi ndi azakhali. Chinsinsicho chili ndi malire: moyo wake ukakhala pangozi adzakuuzani, ndipo akapeza kuti akuchitidwa nkhanza lamulo limawakakamiza kukanena. Ngati Chingerezi chake sichikwanira kufotokoza za mumtima, womasulira asakhale inu kapena mnzanu wa kutchalitchi amene mawa adzakambe nkhaniyo. Mwanayo asankhe yekha munthu amene amamukhulupirira.

Chithandizo choyamba kwa msinkhu wake ndi uphungu, kukumana kangapo, kuphunzira kugwira maganizo oipa asanakule ndi kubwerera pang'onopang'ono ku zochita za tsiku ndi tsiku. Mankhwala amabwera ngati matenda ali aakulu kapena uphungu sukukwanira. Amene amaperekedwa kawirikawiri kwa achinyamata ndi fluoxetine. Sagwira tsiku limodzi, pamatenga milungu ingapo, ndipo m'milungu yoyambirira mwana ayenera kuyang'aniridwa kwambiri chifukwa ena amasowa mtendere kapena maganizo odzivulaza amakula asanayambe kuchepa. Mukaona zimenezo bwererani msanga. Mapiritsiwo azisungidwa ndi inu, ndipo asasiyidwe mwadzidzidzi popanda dokotala. Ambiri a ife tikamva za mankhwala a maganizo timaganiza za ku Zomba ndi anthu omangidwa. Ana ambiri otere sagonekedwa n'komwe, amalandira chithandizo akupita kusukulu.

Kusukuluko mupiteko, ngakhale zitanthauze kupempha theka la tsiku kuntchito. Sukulu ya boma iliyonse imayenera kukhala ndi gulu la aphunzitsi lotchedwa School-Based Support Team, loona za ana amene akuvutika, ndipo likhoza kuitana akatswiri a kuofesi ya maphunziro ya dera. Yambani ndi mphunzitsi wa kalasi kapena wa Life Orientation. Simukuyenera kufotokoza zonse. Nenani kuti mwana akudwala ndipo akuonedwa kuchipatala, funsani mmene amakhalira pa nthawi yopuma, amakhala ndi ndani, pali omuvutitsa kapena ayi. Ena amaopa kuti akaonekera kusukulu nkhani ya mapepala idzuka. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana wopanda mapepala sangachotsedwe kapena kukanizidwa sukulu. Cholinga chikhale chakuti asasiyiretu kupita, chifukwa mwana akakhala kunyumba nthawi yaitali kubwerera kumavuta kwambiri.

Foni musalande yonse, ndi khomo lokhalo limene latsala lopita kwa anzake. Koma usiku igone kumbali yanu. Wa zaka 14 amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo kusagona kumakulitsa chilichonse chimene tatchulachi. Mumufunsenso za magulu a WhatsApp a m'kalasi, chifukwa kunyozana kwa masiku ano kumatsatira mwana mpaka m'bulangete.

Za anzanu a kutchalitchi. Sindingakuuzeni kuti musiye kupemphera; ndaona mabanja ambiri akulimba chifukwa cha mpingo, ndipo kuno kuchilendo mpingo ndiwo mudzi wathu. Pempherani, ndipo kuchipatala mupite. Chimene ndimakana ndi kuimika mwana kutsogolo kwa gulu kuti atulutsidwe ziwanda, kumusalitsa kudya pamene sakudya kale, kapena kupita naye kokatemera mphini pathupi limene iye akulicheka kale. Mwana amene akudziona kuti ndi woipa mukamuuza kuti ali ndi chiwanda mwamutsimikizira. Ndipo mneneri kapena sing'anga amene akuyamba ndi kutchula mtengo, kapena kuloza wachibale wa kumudzi kuti ndiye wachita, adzakusiyani ndi ngongole ndi udani, mwana akadali momwemo. Chimene mpingo ungachite bwino n'china: pakati pa amayi a Mvano kapena amayi ena amene mumapemphera nawo, pezani mmodzi wosunga pakamwa, wokhala pafupi, woti mwana azikafikira kwawo akaweruka m'malo modzitsekera. Kwaya ya achinyamata kapena netiboli ya kusukulu, chilichonse chomutulutsa m'chipinda kawiri pa sabata, ndi mbali ya mankhwala. Poyamba adzakana. Matendawa amachotsa chilakolako, ndipo chilakolako chimabwerera munthu atayamba kuchita, osati asanayambe. Mumuperekeze.

Inunso mukufunika wokumverani. Mayi amene akulira yekha usiku, m'mawa n'kukasamalira ana a eni ake, mphamvu zimamuthera. Nambala ya SADAG ija ndi yanunso.

Tsopano funso lanu lenileni. Musamubweze panopa, ndipo musagwiritse ntchito kumudzi ngati chiopsezo. Mwana amene anasiyidwa ali ndi zaka zinayi, ngakhale pa zifukwa zabwino, akakwezedwa basi pa Park Station chifukwa choti wavuta adzamva chinthu chimodzi: ndikadwala amanditaya. Komanso mukhala mwatumiza mwana amene mwina akuganiza zodzipha pa ulendo wa masiku awiri kapena kuposerapo, kwa agogo okalamba amene sakudziwa za zipserazo, kumudzi kumene mankhwala a mbewu ndi a m'munda amakhala paliponse.

Izi sizikutanthauza kuti kubwerera n'kolakwa nthawi zonse. Pali ana amene amachiradi bwino kwawo, ndipo n'kutheka kuti wanu ndi mmodzi mwa iwo. Kusiyana kwake kuli pa mmene zachitikira. Ayambe waonedwa ndi achipatala, ngozi ichepe. Pakadali pano mubwezereni agogo ake mmene mungathere: tsiku lokhazikika pa sabata loti azilankhulana, mayunitsi mutawatumiziratu kumudzi, inu mutatuluka panja kuti amasuke. Agogowo muwauze zoona, chifukwa mawu awo kwa mwanayu amalemera kuposa a wina aliyense, ndipo akamuuza kuti "pita kuchipatala, mdzukulu wanga" adzapita. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu akulandira chithandizo, mufunseni iye mwini chimene akufuna, mlangizi wake alipo. Mukhoza kudabwa: ena amati ndikufuna kukhala, koma ndizikaona agogo pa tchuthi.

Akasankha kupita, apite chaka cha sukulu chitatha, malo a sukulu kwawo atapezeka kale, ndi kalata ya dokotala yofotokoza matenda ndi mankhwala. Mumuperekeze nokha ngati n'kotheka. Chithandizo akapitirize: ayambire pachipatala cha boma cha ku Mulanje, ndipo ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli kiliniki ya matenda a maganizo. Nambala ya 116 imagwiranso ntchito ku Malawi, kumene imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO. Ndipo kaya apita kaya akhala, nkhani ya mapepala muyiyambe tsopano ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Johannesburg kapena ku Pretoria, ndi uphungu wa a Lawyers for Human Rights, chifukwa mwana wopanda pasipoti yolongosoka sangathe kukaona agogo ake pa tchuthi n'kubwerera bwinobwino, ndipo akadzakwana zaka 18 chitetezo chimene ali nacho monga mwana chidzatha.